Mmene Mabakiteriya Amasinthira M'thupi la Munthu Wosadwala

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu. Itsike pang'onopang'ono.)

WOULUTSA: Omvera athu nonse, kuyambira pa boma la Petauke, ku Minga, ku Nyimba, ku Kacholola mpaka kumunsi ku mlatho wa Luangwa, yakwana nthawi ya zaumoyo. Inu amene muli pamoto, inu amene mwangoweruka kumunda, ndi inu a malole mumsewu wa Great East, khalani nafe. Kawirikawiri pa pulogalamu ino timakamba za munthu wodwala. Lero tikamba za munthu amene ali bwinobwino, wadzuka ndi mphamvu, walima tsiku lonse, wadya nsima yake n'kukhuta. M'thupi la munthu ameneyu muli mabakiteriya, ndipo ena mwa iwo ndi omwe aja amadwalitsa chibayo, zithupsa ndi taifodi. Akuswana mmenemo, ndiponso akusintha. Ndili ndi mayi amene ntchito yawo ndi kuphunzitsa zaumoyo. Amayi, takulandirani.

MLANGIZI: Zikomo bambo. Moni kwa omvera onse.

WOULUTSA: Tiyambire pamene anthu adabwa kale. Zingatheke bwanji kuti munthu akhale ndi kachilombo ka chibayo koma osadwala chibayo?

MLANGIZI: Zimatheka, ndipo ndi mmene zimakhalira masiku onse. Mabakiteriya ndi tamoyo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Mwana amayamba kutilandira tsiku lomwe wabadwa, kuchokera kwa mayi ake, ku bere, ndi m'manja mwa onse omunyamula. Akamakula, timakhala tochuluka pafupifupi mofanana ndi maselo a thupi lake lenilenilo. Tambiri timakhala m'matumbo aakulu, tina pakhungu, m'kamwa ndi m'mphuno. Tochuluka mwa ito ndi totithandiza. Timagaya zakudya zina zimene matumbo paokha sangathe, timapanga mavitamini ena, ndiponso timadzaza malo kuti toipa tisowe pokhala.

Koma pakati pake pali tina tokhala ndi mphamvu yodwalitsa. Nditchulepo titatu. Koyamba ndi kachilombo ka chibayo, kamene achipatala amakatcha pneumococcus. Kwawo ndi kumbuyo kwa mphuno, pamene mphuno imakumana ndi kummero. Kuno ku Africa ana aang'ono ambiri ali nako, ndipo amangosewera, kudya ndi kugona ngati palibe kanthu. Kachiwiri ndi Staphylococcus aureus, kamene kamayambitsa zithupsa ndi mafinya m'zilonda. Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amakhala nako m'mphuno. Kachitatu ndi E. coli, kamene kali m'matumbo mwa inu ndi ine. M'matumbomo sikavuta, koma kakalowa njira ya mkodzo kapena m'magazi, ndi matenda oopsa.

WOULUTSA: Ndiye kuti kudwala kuja kumene timaona kuchipatala ndi kachigawo chabe ka moyo wa tizilomboti.

MLANGIZI: Mwagwira mutu wa nkhani yonse, bambo. Pa mwana mmodzi wogona pa bedi ku Kalindawalo General Hospital kapena ku chipatala cha Nyimba chifukwa cha chibayo, kunja kuli ana ambirimbiri amene ali ndi kachilombo komweko osadwala. Moyo wake wonse kachilomboka kamakhala mwa anthu athanzi, kuchoka mwa uyu kupita mwa uyo kudzera m'mamina, m'chifuwa ndi m'manja. Choncho kusintha kwake kumachitikanso mmenemo, mwa anthu athanzi. Kamene kafika kuchipatala kakugonja kapena kakukana mankhwala, kanaumbidwa kalekale kumudzi, m'mphuno ndi m'matumbo mwa anthu amene sanamvepo kupweteka.

WOULUTSA: Tifotokozereni bwino. Kanthu kopanda mutu, kopanda nzeru, kamasintha motani?

MLANGIZI: Pali njira zitatu zimene zimayendera limodzi. Yoyamba ndi kuswana. Kachilombo kamaswana pogawika pakati, kamodzi n'kukhala tiwiri. Mu labotale, pamene chakudya ndi kutentha zili zokwanira, E. coli amagawika pa mphindi 20 zilizonse, moti m'maola 7 kamodzi kamatha kufika toposa 2 miliyoni. M'thupi samafulumira choncho, komabe mibadwo yawo imadutsa yambiri pa mwezi umodzi. Tsono mkati mwa kachilombo kalikonse muli DNA, malangizo a chibadwa chake. Kasanagawike kamayenera kukopera malangizo onsewo kuti mwana aliyense atenge ake. Mwa apo ndi apo pokoperapo pamalowa cholakwika. Zolakwika zambiri sizisintha kanthu, zina zimapha kachilomboko, koma kamodzi mwa mamiliyoni kamatuluka ndi kusintha kokapindulira. Mwina kamamatirira bwino m'mphuno, mwina kamazemba chitetezo cha m'thupi, mwina mankhwala ena sakagwira.

Njira yachiwiri ndi kusankhidwa, ndipo apa alimi andimva msanga. Mukapopera mankhwala opha udzu m'munda, udzu wambiri umauma. Koma pakakhala mtundu umodzi umene mankhwalawo saugwira, umatsala wokha m'munda wopanda wolimbirana nawo madzi ndi dzuwa. Umabereka njere, ndipo mukapitiriza kupopera mankhwala omwewo chaka ndi chaka, munda wonse umadzaza udzu womwewo. Mankhwala aja sanaupange udzuwo, anangouchotsera anzake. M'thupi ndi momwemo. Mukameza kapisozi wa Amoxil, sapita pammero pokha pamene pakukuwawani. Amafika m'matumbo, m'mphuno, pakhungu. Tizilombo tomva mankhwala timafa, tothandiza tija pamodzi, ndipo tosamva mankhwala timatsala ndi malo onse.

WOULUTSA: Nanga njira yachitatu?

MLANGIZI: Yachitatu ndi yodabwitsa kuposa zonse. Ife anthu chibadwa timatengera kwa makolo okha. Mabakiteriya amatha kupatsana zidutswa za DNA pakati pa anansi, ngakhale a mitundu yosiyana. Zimenezi zinadziwika kudzera mwa kachilombo ka chibayo komweka. M'chaka cha 1928, dokotala wina wa ku England, Frederick Griffith, anali ndi mitundu iwiri ya pneumococcus. Wina unali ndi chikuto choterera kunja kwake ndipo unkapha mbewa. Wina unalibe chikuto ndipo sunkapha. Iye anapha mtundu woopsa uja poutentha, n'kuusakaniza ndi mtundu wofatsa wamoyo, n'kubaya mbewa. Mbewa zinafa, ndipo m'magazi mwake anapezamo tizilombo tamoyo tokhala ndi chikuto. Tofatsa tija tinali titatola kena kake kuchokera kwa takufa, n'kusanduka toopsa. Mu 1944, Oswald Avery ndi anzake ku New York anaonetsa kuti chimene tinatolacho chinali DNA.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, madokotala a ku Japan anapezanso njira ina. Kachilombo ka kamwazi kanayamba kukana mankhwala angapo nthawi imodzi, ndipo anapeza kuti mphamvu yokanayo imatha kusamuka pakati pa iko ndi E. coli wa m'matumbo. Tizilombo tiwiri timagundana, kamodzi n'kupatsira kanzake kachidutswa ka DNA konyamula malangizo okanira mankhwala. Apa ndi pamene ndimafuna omvera amvetse. Kachilombo kofatsa ka m'matumbo mwanu kangasunge mphamvu yokana mankhwala kwa nthawi yaitali osakuvutani. Tsiku lina mwamwa madzi oipa, kalowa kachilombo kodwalitsa, kakumana ndi kofatsa kaja, ndipo kalandira mphamvuyo.

(Nyimbo yaifupi.)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula wailesi, tikukamba za mmene mabakiteriya amasinthira m'thupi la munthu wosadwala. Amayi, wina anganene kuti zimenezi ndi za mbewa za m'labotale za kalekale. Kodi alipo anaziona zikuchitika mwa anthu, kuno ku Africa?

MLANGIZI: Alipo, ndipo amene anatsogolera kafukufuku wina wofunika ndi mwana wa chigawo chathu chino, Dr Chrispin Chaguza wa ku Malawi. Iye ndi anzake anafalitsa zotsatira zawo mu 2020. Anatsatira makanda 98 a ku Gambia kuyambira kubadwa mpaka kukwanitsa chaka. Nthawi ndi nthawi ankatenga timamina kumbuyo kwa mphuno ya khanda lililonse, n'kuwerenga DNA yonse ya kachilombo ka chibayo kamene apezamo. Anaona kuti mkati mwa khanda limodzi kachilomboka kamasintha mofulumira kwambiri kuposa mmene ankaganizira. Anaona tizilombo tikupatsana zidutswa za DNA m'mphuno momwemo. Anaonanso kuti mwa makanda osiyanasiyana kusinthako kunkabwerezabwereza pa malo omwewo a DNA: malo okhudza kukana mankhwala, kuzemba chitetezo cha m'thupi, ndi kumamatira m'mphuno. Kusintha kukamagwera pamalo amodzimodzi mwa ana osiyana, ndiye kuti pali chimene chikusankha.

WOULUTSA: Amayi ambiri amene akutimvera amapita ndi ana ku sikelo. Katemera wa chibayo akulowa pati m'nkhaniyi?

MLANGIZI: Akulowa pakati penipeni. Chikuto chija chimene Griffith anaona ndicho chida chachikulu cha kachilomboka, ndipo zikuto zake zilipo mitundu yoposa 90. Katemera amaphunzitsa thupi kuzindikira zikuto za mitundu yoopsa kwambiri. Dziko la Malawi linayamba kupereka katemerayu mu 2011, ndipo Zambia inayamba mu 2013. Mwana amalandira ali ndi masabata 6, 10 ndi 14. Katemerayu amateteza mwanayo, komanso amachepetsa mitundu yoopsayo m'mphuno mwake, choncho agogo ake ndi mng'ono wake wakhanda amatetezeka nawo.

Koma tizilombo sitikhala chete. Mitundu ya m'katemera ikachepa, mitundu ina imene katemera saidziwa imalowa m'malo otsalawo. Ku America anayamba ndi katemera wa mitundu 7 m'chaka cha 2000, ndipo patapita zaka zochepa mtundu wina wotchedwa 19A, umene sunali m'katemerayo, unachuluka. Anachita kupanga katemera watsopano wophatikizamo mtunduwo. Nthawi zina kachilombo kamatola malangizo a chikuto china kwa mnansi wake, n'kuvala chikuto chimene katemera sachizindikira. Ku Blantyre, ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome anayeza ana athanzi kwa zaka zingapo katemera atayamba, ndipo anapeza kuti mitundu ya m'katemera inachepa koma sinathe m'mphuno monga inathera kumaiko a ku Ulaya. Kumene anthu amakhala mothithikana, kupatsirana kumakhala kwamphamvu.

WOULUTSA: Mayi wina angamve zimenezi n'kuganiza kuti katemera alibe ntchito.

MLANGIZI: Asatero chonde. Katemerayu wachepetsa kwambiri chibayo choopsa ndi matenda oumitsa khosi mwa ana, ndipo ana ambiri ali moyo lero chifukwa cha iye. Chimene ofufuza akutiuza n'chakuti ntchito yoyang'anira tizilomboti siitha, ndiponso kuti mwana aliyense wodumpha katemera amapatsa mitundu yoopsa ija malo opitirizira moyo. Khadi la sikelo lidzaze, osasiya mpata.

WOULUTSA: Tsopano funso limene lili m'mitima ya ambiri. Kachilombo kakhala mwa munthu miyezi kapena zaka mwamtendere. Chimachitika n'chiyani kuti tsiku lina kamuukire?

MLANGIZI: Kawirikawiri chimayamba kusintha ndi thupi. Chimfine kapena chikuku chimasupula njira ya mpweya, ndipo kachilombo ka m'mphuno kamapeza potsikira m'mapapo. Utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera, mwana ali kumbuyo kwa mayi ake, umachita chimodzimodzi. Kunyentchera, ukalamba, matenda a shuga, ndi HIV pamene munthu sakumwa ma ARV zimafooketsa chitetezo. Bala la khasu kapena la opaleshoni limatsegula khomo pakhungu. Ku Germany, kafukufuku wa mu 2001 anapeza kuti mwa odwala oposa 80 pa 100 alionse amene Staphylococcus aureus anawalowa m'magazi, kachilomboko kanali komweko kamene kanali m'mphuno mwawo.

Nthawi zina kachilombo nako kamakhala kasintha. Ofufuza a ku Oxford analemba mu 2012 za munthu wina amene ankamuyeza m'mphuno kwa nthawi yoposa chaka, kenako anadwala matenda a m'magazi. Atayerekeza kachilombo ka m'mphuno ndi ka m'magazi, anapeza kuti tinasiyana pa malo 8 okha mu DNA yokhala ndi zilembo pafupifupi 3 miliyoni. Kusiyana kwa kachilombo kokhala mwamtendere ndi kodwalitsa kumatha kukhala kochepa chomwecho.

WOULUTSA: Ndinatchula taifodi poyamba paja.

MLANGIZI: Taifodi ili ndi nkhani yakeyake. Mwa anthu 100 amene adwala taifodi n'kuchira, awiri mpaka asanu amatsala ndi kachilomboko m'ndulu, makamaka ngati m'ndulumo muli timiyala. Amakhala athanzi, koma kachilombo kamatuluka m'chimbudzi chawo kwa zaka. Wodziwika kwambiri anali Mary Mallon, mayi wophika m'nyumba za anthu ku New York. Mu 1907 anamupeza kuti ndiye gwero la taifodi m'mabanja amene ankawaphikira, iye mwini asakumva kudwala. Anamutsekera pa chilumba kawiri, zaka zoposa 25 zonse pamodzi, mpaka anamwalira mu 1938.

Nkhani ya mayiyu imandimvetsa chisoni, ndipo ndimaikamba kuti tisamachitirane zotere. Kukhala ndi kachilombo osadwala si mlandu, si uve, ndipo si ufiti. Pakagwa matenda pamudzi tisathamangire kuloza chala mayi wogulitsa zitumbuwa kapena mlendo amene wabwera ku maliro. Tonse tili ndi tizilombo tina timene tingadwalitse mnzathu. Masiku ano wonyamula taifodi amatha kupimidwa ndi kulandira mankhwala, ndipo chimene chimadula njira ya kachilomboko ndi chimbudzi chabwino, madzi otetezeka ndi sopo.

(Nyimbo yaifupi.)

WOULUTSA: Tabwereranso. Amayi, tiyeni tsopano tifike pakhomo. Munthu wamva chimfine, wapita pa kantemba, wagula makapisozi anayi, wamwa, mawa lake wapeza bwino. Walakwa chiyani?

MLANGIZI: Chimfine chimayamba ndi vairasi, ndipo maantibayotiki sapha mavairasi. Munthuyo akanachira ngakhale osamwa kanthu. Koma makapisozi anayi aja agwira ntchito kwina. Apha tizilombo tothandiza m'matumbo mwake, ndipo asiya tosamva mankhwala kuti tiswane. Iye sakumva kalikonse, n'chifukwa chake vutoli ndi lovuta kulikhulupirira. Lidzaonekera mtsogolo, mwina mwa iye, mwina mwa mkazi wake akadzadwala matenda a m'chikhodzodzo ali ndi pakati, mwina mwa khanda lawo.

Ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre anatsatira odwala akuluakulu kwa miyezi 6 atagonekedwa. Anapeza kuti amene analandira maantibayotiki, ambiri a iwo anayamba kunyamula m'matumbo tizilombo tosamva ceftriaxone, jakisoni amene zipatala zathu zimadalira pa matenda aakulu, ndipo kuchulukako kunapitirira kwa nthawi atabwerera kwawo. Anthu amenewo ankafunikiradi mankhwalawo, anali pakati pa moyo ndi imfa. Koma zikutionetsa kuti antibayotiki aliyense ali ndi mtengo wake m'thupi. Mtengo umenewo ndi woyenera kulipira pamene moyo uli pa ngozi, osati pa chimfine.

WOULUTSA: Kuno kwathu pafupifupi khomo lililonse lili ndi nkhuku, ambiri ali ndi nkhumba, mbuzi ndi ng'ombe. Ziweto zikukhudzidwa?

MLANGIZI: Kwambiri. Nkhuku zikayamba kuodzera, ambiri timatsegula kapisozi wa anthu n'kuthira m'madzi awo akumwa. Koma chitopa ndi vairasi, ndipo chimapewedwa ndi katemera wa nkhuku. Chigodola cha nkhumba, chimene alimi a ku Eastern Province akuchidziwa bwino, nachonso ndi vairasi. Makapisozi sachiza matenda awiriwa. Chimene amachita ndi kusankha tizilombo tosamva mankhwala m'matumbo a ziwetozo. Kenako zitosi zili pabwalo pamene mwana akukwawa, ndowe zili pafupi ndi chitsime, mvula ikagwa zonse zimakokolokera kudambo. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2023 anayeza mabanja a ku Blantyre ndi ku Chikwawa, ndipo anapeza tizilombo tosamva mankhwala m'chimbudzi cha anthu athanzi, mwa ziweto, m'ngalande ndi m'madzi a m'mitsinje. Tinkachuluka kwambiri nyengo ya dzinja. Makomo a kumeneko sasiyana kwenikweni ndi athu a ku Petauke ndi ku Nyimba.

WOULUTSA: Vutoli ndi lalikulu bwanji pa dziko lonse?

MLANGIZI: Alexander Fleming, amene anatulukira penisilini mu 1928, anachenjeza kale mu 1945 kuti kumwa mankhwalawa mopereweza kudzachititsa tizilombo kuwazolowera. Sipanapite nthawi, Staphylococcus wa m'zipatala anayamba kukana penisilini. Anapanga mankhwala ena otchedwa methicillin, ndipo pofika 1961 ku England anali atapeza kale tizilombo towakana. Ofufuza anawerengera kuti m'chaka cha 2019 chokha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anamwalira chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo Africa ya kumwera kwa Sahara ndiyo inakhudzidwa koposa. Kwa ife vutoli limapweteka pawiri, chifukwa mankhwala otsika mtengo akaleka kugwira, otsatira ake ndi odula ndipo sapezeka pa kiliniki ya kumudzi. Boma la Zambia linakhazikitsa ndondomeko yolimbana ndi vutoli mu 2017, ndipo chaka chilichonse kuyambira pa 18 mpaka pa 24 November dziko lonse lapansi limakumbutsana za nkhaniyi. Koma ndondomeko ya ku Lusaka singalowe m'kabati ya m'nyumba mwanu. Mmenemo mwini wake ndinu.

WOULUTSA: Tsono omvera achite chiyani? Tiuzeni zimene munthu angayambe lero.

MLANGIZI: Choyamba, maantibayotiki monga Amoxil, Septrin, Flagyl ndi doxycycline azichokera kwa wachipatala amene wakuonani, ndipo ngati mukugula, gulani ku famase yovomerezeka ndi bungwe loona za mankhwala la ZAMRA. Imwani mlingo umene wakuuzani, pa nthawi yake, kwa masiku onse amene wanena. Musasungire ena mawa, musagawire mnansi. Wachipatala akakuuzani kuti ndi chimfine, mupume, mumwe madzi ambiri ndi Panadol, musaone ngati wakumanani. Ngati simunamvetse, funsani. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Ndinenenso momveka kwa amene achipatala anawapatsa Septrin woti azimwa tsiku ndi tsiku, ndi amene ali pa mankhwala a TB. Inu pitirizani osadumpha. Mankhwala anu ali ndi chifukwa chake, ndipo kudumpha mankhwala a TB ndiyo njira yeniyeni yopezera TB yosamva mankhwala.

Chachiwiri, musaope chipatala chifukwa cha zimene mwamva lero. Mwana akamapuma mofulumira, nthiti zikamalowa mkati popuma, akakana kuyamwa, akakomoka, kapena khanda likatentha thupi, musadikire kuti kuche bwino. Nyamukani. Pamenepo antibayotiki ndiye moyo wake, ndipo tikuwasamala mankhwalawa kuti pa tsiku lotero agwire ntchito.

Chachitatu, dulani njira zimene tizilombo timadutsa kuchoka kwa wina kupita kwa wina. Tisanadye nsima, tileke kusamba m'manja tonse m'beseni limodzi, chifukwa womaliza, amene nthawi zambiri ndi mwana, amasamba m'litsiro la onse. Tizithirirana madzi ndi kapu, ndi sopo. Tisambe m'manja tikachoka kuchimbudzi, tikasintha mwana thewera, tikamupukuta mamina, ndiponso tikachoka kukhola. Chimbudzi cha khanda chitayidwe m'chimbudzi, osati kuseri kwa nyumba. Madzi akumwa tiwiritse kapena tithiremo klorini, makamaka mvula ikayamba.

Chachinayi, limbitsani thupi kuti kachilombo ka m'mphuno kakhale komweko. Mwana ayamwe bere lokha miyezi 6 yoyamba, alandire akatemera onse, ndipo asakhale mu utsi. Phala lake lisakhale la ufa woyera wokha, muzitsiramo nsinjiro, poti mtedza kuno timalima tokha.

Chachisanu, ziweto zikadwala itanani alangizi a ziweto. Temerani nkhuku chitopa chisanafike. Chiweto chikabayidwa mankhwala, dikirani masiku olembedwa pa botolo musanamwe mkaka wake, kudya mazira kapena kuchipha. Nkhumba zikhale m'khola, ndipo bwalo losewerera ana lisesedwe.

WOULUTSA: Pali amene angafunse kuti, bwanji osangomwa mankhwala amphamvu kamodzi n'kutsuka thupi lonse, tizilombo tonse tithe?

MLANGIZI: Ndimamva anthu akunena zimenezo, kuti akufuna kutsuka m'mimba kapena kutsuka magazi ndi makapisozi. Chonde lekani. Thupi lopanda mabakiteriya kulibe, ndipo tothandiza tija tikaphedwa, malo ake amatengedwa ndi tolimba kwambiri. Munthu wathanzi safunika kutsukidwa. Cholinga chathu ndi chakuti tizilombo timene tikukhala nato tikhale tomva mankhwala, kuti tsiku limene kamodzi kalowa pamene sikayenera, namwino wa pa kiliniki yapafupi athe kukagonjetsa ndi mankhwala amene ali nawo pa shelefu. Kuswana kwa tizilombo sitingakuletse, ngakhale zolakwika zija za pokopera DNA. Koma kuti titsale ndi titi, ndi kuti tifalikire mpaka pati, pamenepo dzanja lathu lilipo. Zimadalira zimene timameza, zimene timathira m'madzi a nkhuku, ndi mmene timasambira m'manja.

WOULUTSA: Amayi, tathokoza kwambiri chifukwa cha nthawi yanu ndi kufotokoza kwanu.

MLANGIZI: Zikomo bambo. Ndikupempha mafumu, a m'makomiti a zaumoyo, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo kuti nkhaniyi aifikitse kwa amene alibe wailesi.

WOULUTSA: Omvera athu, mwadzimvera nokha. Usiku uno yang'anani m'kabati kapena m'chikwama mmene mumasunga mankhwala. Ngati muli makapisozi otsala, musawamwe, musawapatse mwana kapena nkhuku, apititseni ku kiliniki ndipo achipatala akuuzani chochita nawo. Yang'ananinso khadi la sikelo la mwana wanu, ndipo ngati pali katemera amene anadumpha, mupite naye sabata ino. Mafunso anu kasiyeni kwa a zaumoyo a m'dera lanu kapena tilembereni kuno ku wailesi. Sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino tidzakamba za madzi akumwa nyengo ya dzinja, ndi mmene tingatetezere zitsime zathu. Tsalani bwino, ndipo mugone bwino.

(Nyimbo yotsekera.)